Ufa Umene Sunagwe Pansi

Achimwene anga atakwatira, amene anavina kwambiri pa ukwatiwo ndinali ine. Anthu ankati, taonani mmene amawakondera achimwene ake. Ankadzinamiza. Ine ndinkavinira sefa.

Kwathu, m'mudzi wa m'mbali mwa msewu pakati pa Chintheche ndi Kande, timadya kondowole chaka chonse. Chinangwa timakumba, kusenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo, kuchiyanika pathandala, kenako n'kusinja ndi kusefa. Zina zonsezo timathandizana, koma kusefa, pakhomo pa amayi anga, inali ntchito ya mpongozi. Iwonso anasefera apongozi awo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ankazinena monyadira ngati anapita kuyunivesite. Vuto linali loti mpongozi panalibe. Achimwene ankazengereza kukwatira, ndipo ine banja langa litatha n'kubwerera kumudzi, amayi sanandifunse zambiri. Anangondipatsa sefa. Ndinasefa zaka zitatu.

Chigayo chinalipo, sikuti tinkakhala kutchire. Koma amayi ankati ufa wa kuchigayo umabwera wotentha, ukununkha mgaiwa wa eni ake. Ankafunanso kuti kusefako kuzichitikira m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, kopanda zenera, chitseko chili chotseka. Chifukwa chake chinali chomveka ndithu. Ufa wa chinangwa ndi wopepuka, ndipo kunyanja kuno mphepo sipuma. Ukasefera panja, wosalala kwambiri uja, umene umakometsa kondowole, umapita ndi mwera kukayeretsa masamba a mango.

Mlamu wanga anabwera ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Bambo ake anali a ku Dedza, ankacheka mitengo ya mphira kuesiteti, ndipo iye anakulira m'malayini a antchito, akudya ufa wa chimanga wa kuchigayo. Chitonga chathu ankangomva cha moni ndi cha kutukwana. Anali woonda, wa khosi lalitali, woseka msanga. Patatha miyezi itatu achimwene ananyamuka ulendo wa ku Joni monga amachitira amuna ambiri kwathu, n'kumusiya m'manja mwathu.

Tsiku lake loyamba kusefa ndinamuonetsa ndekha, ndi mtima wonse: pokhala, poika beseni, kagwedezedwe ka dzanja. Ndinamutsekera chitseko n'kukakhala pakhonde kumaluka tsitsi langa, zimene ndinali nditaiwala kuti munthu angachite m'mawa. Sipanathe nthawi yaitali. Anatuluka atagwira felemu ya chitseko, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mwake mukulira tilikhweru. Anathamangira m'nyumba n'kutenga kamankhwala kopopera m'kamwa.

"Ndili ndi mphumu, amayi," anatero atapezako mpweya. "Kuyambira ndili mwana. Fumbi la ufawu likunditseka. Mundilole ndizisefera panja."

Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Chichewa chawo chinali chochepa, ndipo ankachisunga kuti azibayira anthu. "Adona," anatero. "Tatenga adona."

Komabe anamulola kamodzi. Unali mwezi wa mwera. Mlamu anakhala pansi pa mango, mphepo ili kumsana, n'kusefa bwinobwino osatsokomola n'kamodzi komwe, akuimba nyimbo za kwaya. Koma utsi woyera unkachoka pansi pa sefa n'kumapita kwa aneba, ndipo amayi atabwera anapeza udzu wa kuseri wayera ngati kwagwa phulusa. Analalata mpaka agalu anathawa pakhomo. Chinangwa cha miyezi khumi ndi isanu ndi itatu m'nthaka, choviika, choyanika, n'kudyetsa mphepo! Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya panja inatha.

Ndiye zinkayenda chonchi. Mlamu akasefa lero, mawa wagona, ndipo sefa yabwerera kwa ine. Ndinayamba kumuda. Sindibisa, ndinamuda ndi mtima wanga wonse, ndipo chidani chinandipatsa maso akuthwa. Ndinkaona kuti ndowa yodzaza amasenza kuchokera kumjigo osapumira panjira. Chinangwa amakumba kuposa ine. Lamlungu kutchalitchi amakoka mawu a nyimbo mpaka azimayi kumutembenukira. Mapapo ake omwewo! Ndiye ufa wokha, chakudya chimene chalera mudzi wonse, ukhale poizoni kwa iye? Ndinkauza amayi m'Chitonga, iye ali pomwepo akutsuka mbale, kuti uyu ndi wa sewero, akangoona sefa chifuwa chimayamba chokha.

Apa ndinenepo za sukulu, chifukwa popanda sukulu choipachi sindikanachiganiza. Ndili Fomu 2, aphunzitsi athu a sayansi anatseka mawindo onse n'kusiya kampata kamodzi. Anaomba zofufutira bolodi ziwiri pa kuwala kolowa pakampatapo. Fumbi la choko linabuka, lambiri linagwa msanga, ndipo tinati zatha. Iwo anati tidikire. Anaphunzitsa zina mpaka belu kulira, kenako anatiitana mmodzimmodzi kuti tidzayang'ane. Tizidutswa tating'onoting'ono tinali tikadali momwemo, tikuzungulira, tina tikukwera m'malo motsika. Anati totere n'topepuka kwambiri moti mpweya wokha umatikankha uku ndi uku, ndipo m'chipinda chotseka tingathe maola tisanagwe. Anatinso n'tomwe timalowa mpaka pansi pa mapapo, chifukwa mphuno imagwira zikuluzikulu zokha. Mayeso a sayansi ndinalephera, koma zimenezi ndinasunga.

Ndinkazionanso ndekha m'kachipinda kathu. Lata limodzi la denga linali ndi bowo la msomali, ndipo dzuwa likakwera pankatsika kachingwe ka kuwala kufika pansi. Ukamaliza kusefa, beseni n'kutulutsa, maso amakuuza kuti m'chipinda mwayera. Koma ukayang'ana pakachingwe paja umapeza ufa ukadali m'mwamba, ukuyenda pang'onopang'ono wopanda kopita. Ukadutsitsa dzanja umabalalika, kenako n'kubwereranso. Ukasuntha mutu pang'ono, suonanso kanthu.

Maganizo anga anali akuti: ndimulowetse m'chipindamo muli ufa koma iye asakudziwa. Akapanda kutsokomola, ndamugwira bodza, ndipo ndikauza amayi ndi umboni. Za mbali inayo, yoti mwina angabanike, ndinangoiganizira pang'ono n'kuisiya. Ndinali wotsimikiza.

Linali Loweruka. Amayi anapita kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi ku Bandawe, mlamu anapita kukachapa kunyanja. Ufa wa dzulo lake unalipo wokwanira, kotero panalibe chifukwa chosefera. Ndinasinja chinangwa chouma mwachangu, n'kulowa m'kachipinda. Ndinasefa nditaimirira, sefa ili m'mwamba, kuti ufa ugwe kuchokera patali. Ndinakung'untha thumba lakale la ufa kukhoma mpaka nanenso ndinayetsemula. Ndinatulutsa beseni n'kukalibisa kunsi kwa bedi langa, ndinapukuta pansi ndi sanza yonyowa, n'kutseka chitseko. Kenako ndinasamba m'manja ndi m'miyendo, ndinasintha chitenje ndi mpango, n'kukhala pakhonde ngati munthu amene wangodzuka.

Anabwera ndi beseni la zochapa pamutu. Ndinamusiya ayanike kaye.

"Alamu," ndinatero, "mtedza uja amayi anati uswedwe lero. Mukaswere m'kachipindamo. Panja pano nkhuku zikuvutani."

Anandiyang'ana. Ndikukumbukira kuti anandiyang'ana nthawi yotalikirapo kuposa masiku onse, ndipo ndinaganiza kuti ndi ulesi wake uja.

"Simunasefemo lero, alamu?"

"Tisefe chifukwa chiyani? Ufa ulipo."

"Chabwino," anatero. Anatenga lichero ndi thumba la mtedza n'kulowa. Ndinamutsekera chitseko chifukwa cha nkhuku, n'kukhala pa mtondo wogwetsa pafupi ndi khoma kuti ndizimva.

Poyamba kunkamveka makoko okha, thwa, thwa, thwa, mofulumira, chifukwa manja ake anali achangu. Ndinayamba kumwetulira. Ndinkakonza kale mawu okawauza amayi. Kenako anatsokomola kamodzi. Ndinati n'za fumbi la mtedza. Makoko anayamba kulira motalikirana. Kenako tilikhweru tija tinayamba, pang'onopang'ono, n'kumakula mpaka ndinkatimva bwinobwino kudzera m'khoma la njerwa.

Apa yankho ndinali nalo kale. Mtsikanayo sankanama. Chofunika chinali kungodzuka n'kukankha chitseko, mayadi awiri okha. Sindinadzuke. Ndinadziuza kuti ndidikire pang'ono, mwina wanunkhiza ufa ndiye akuchita dala. Koma chenicheni n'chakuti ndinali nditakwiya. Ndinakwiya kuti wandiwina, kuti zaka zanga zitatu zija zilibe womubwezera. Ndinakhala pamtondo paja ndikumvetsera munthu akusowa mpweya, ndikudikira kuti atuluke yekha kudzandipempha. Sanatuluke. Makoko anasiya. Ndinamva lichero likugwa ndi mtedza ukumwazika pansi.

Nditatsegula ndinamupeza atagwada, manja ali pansi, khosi litatambasuka, milomo itachita imvi. Sankathanso kuyankhula. Kumbuyo kwake kachingwe ka dzuwa kaja kanali kataima, ufa ukuzungulira m'menemo mwa phee. Ndinamukokera panja. Kamankhwala kake kanali katatha sabata yapitayo, ndipo ndinkadziwa, chifukwa ndinamuona akukagwedeza pakhutu.

Ndinathamangira kumsewu n'kuimitsa wa njinga yamoto. Tinamukhazika pakati, ine kumbuyo nditamukumbatira. Nthiti zake zinkakoka pansi pa manja anga koma mpweya sunkalowa. Mantha otere sindinawamvepo, ndipo ngakhale pamenepo theka la manthawo linali la ine mwini, kuti akafa ndidzati chiyani. Kuchipatala anamuvala chophimba kukamwa chotulutsa nthunzi ya mankhwala, anamubaya jakisoni, ndipo anamugoneka masiku atatu. Namwino anandiyamikira kuti ndinafulumira naye.

Madzulo ake ndinabwerera kunyumba. Amayi atabwerako ku Bandawe n'kumva za mlamu, analowa m'kachipinda muja. Dzuwa linali litapendeka, kachingwe ka kuwala kanali katachoka. Anaona mtedza pansi, lichero, sefa ili pamsomali pake. Anatuluka akupukusa mutu.

"Lero munasefa?"

"Ayi, Ama."

"Ndiye chamutseka n'chiyani? Mtedza?" Anaseka. "Waona tsono. Si ufa. Ndi nthenda yake yobadwa nayo, imabwera ikafuna. Asefe, asasefe, adwalabe. Ndiye azisefa."

Sindinayembekezere zimenezo. Msampha umene ndinatchera kuti ndimugwire bodza unali utamuyeretsa, koma wodziwa ndinali ndekha. Kuti ndimupulumutse ndinayenera kunena kuti ndinasefa mwakabisira, n'kumulowetsa, n'kumutsekera. Amayi akanandiulutsa mudzi wonse. Achimwene akanamva ku Joni tsiku lomwelo. Ndinakhala chete. Ndipo ndilembe poyera, pansi pa mantha onsewo panali kachisangalalo kakang'ono, koti sefa sibwereranso kwa ine. Ufa wobisa uja ndinkautapa pang'onopang'ono n'kumathira mu ndowa ya ufa, ndipo tonse tinadya, mlamu yemwe.

Atatuluka m'chipatala anapuma sabata imodzi, kenako amayi anamupatsa sefa m'manja. Sanakane. Ankamanga mpango kukamwa ndi kumphuno, wopinda pawiri, wonyowetsa. Mpangowo unkayera kunja, koma ine ndinkadziwa kuti tosalala tija tikudutsa. Tsopano akadwala panalibenso zoti mawa agone, chifukwa amayi ankati kugonako sikuchiza. Kwaya anasiya. Kumjigo anayamba kupumira panjira kawiri. Mwezi wotsatira anagwanso, ndipo mwezi winawo anagwa kachitatu. Nthawi zonsezo amene ankapita naye kuchipatala ndinali ine, moti azimayi a kutchalitchi ankandipereka chitsanzo kwa ana awo. Iye ankangoti, "Zikomo, alamu," n'kundiyang'ana. Ndinayamba kudyera kukhitchini kuthawa maso amenewo.

Amayi anaimbira foni achimwene kuwauza kuti akuchikazi anatibisira matenda, atigwiritsa munthu wakufa kale. Achimwene, amene anakhala ndi mkaziyo miyezi itatu yokha, anati akuluakulu aone chochita. Ndiye tsiku lina bambo a mlamu anabwera pa njinga yakapalasa, atavala jekete la kutchalitchi kunja kukutentha. Anali munthu wofatsa, zala zakuda ndi utomoni wa mphira. M'mawa wa tsikulo ndinasefa ine, kuti alendo asapeze mwana wawo ali m'fumbi. Tinakhala pansi pa mango womwe uja: amayi, amalume anga, bambowo, ine, ndi mlamu pamphasa kumapeto.

Bambowo sanakweze mawu. "Ine sindinabwere kudzatenga mwana," anatero. "Banja akulifuna. Kuchipatala atiuza kuti chikumupweteka ndi fumbi la ufa. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Mumuchotse pa sefa. Kulima alima, kutunga atunga, kusinja panja asinja. Sefa yokhayo."

Amalume anagwedeza mutu ngati akuvomereza, ndipo ndinaona kuti nkhaniyo ikhoza kutha bwino. Koma amayi anali atasunga mpeni wawo.

"Achipatala sali pano," anatero. "Tsiku limene anatsala pang'ono kufa, sefa inali pamsomali. Ankaswa mtedza. Ufa munalibe m'chipindamo ngakhale wodzaza chikhadabo. Ngati ndikunama funsani mwana wangayu, ndi amene analipo."

Bambowo anatembenukira kwa ine. Anachotsa chipewa, ine mwana wofanana ndi ana awo.

"Mayi, inu ndi amene mwakhala mukumuthandiza mwanayu, ndipo Mulungu akudalitseni. Tandiuzani zoona. Tsiku limenelo munali ufa m'chipindamo?"

Mlamu anali atadzutsa mutu. Sanali kulira, sanali kundipempha ndi maso, ankangodikira ngati munthu amene akudziwa kuti basi yake ifika. Ndinayang'ana pansi, pa nyerere zimene zinkakoka khoko la mtedza.

"Munalibe," ndinatero.

Bambowo anavala chipewa chawo. Kenako anati ngati zili choncho ndiye kuti nthendayo yakula, ndipo sangasiyire anthu ena mtolo wawo. Anapepesa. Anapepesa kwa amayi, kwa amalume, ngakhale kwa ine. Amayi anathokoza kuti yewo, mwachita ulemu. Ukwati umene ndinavina mpaka kutupa mapazi unathera pamenepo, nthawi ya chakudya chamasana isanakwane.

Katundu wake anali wochepa: chikwama chimodzi, beseni, ndi mapoto awiri. Ndinamuthandiza kumanga pakaliyala ndi malamba a mphira, bambo ake akutsanzikana ndi amalume kutsogolo kwa nyumba. Tinali awiri okha. Ndinkakoka lamba mwamphamvu kuti manja akhale ndi chochita.

"Alamu," anatero, "taimani kaye."

Ndinaima. Anatambasula dzanja n'kupukuta nsidze yanga ndi chala chachikulu, mofatsa, monga mmene umachotsera kachitsotso pankhope ya mwana. Anandionetsa chalacho. Chinali choyera ndi ufa wa m'mawa uja.

"Umatsalira apa," anatero. "M'manja mumasamba, mpango mumasintha, koma apa mumaiwala. Loweruka lija unalinso pomwepa."

Ndinamufunsa, ndi mawu osakhala anga, kuti nanga analoweranji.

"Ndinati alamu akufuna aone okha. Akaona, akawauza amayi." Anapukuta chalacho pachitenje chake. "Ndimadikira tsiku lililonse. Ngakhale lero ndimadikira."

Bambo ake anabwera n'kugwira njinga. Anaikankha kulowera kumsewu, iye akutsatira pambuyo, akuima pang'ono pa mjigo kuti apume, n'kuimanso pa mlatho. Sanacheuke.

M'mawa mwake amayi anatsitsa sefa pamsomali n'kundipatsa. Ndinalowa m'kachipinda, ndipo ndinatseka chitseko kuti mphepo isabe ufa.